Tsiku Limene Kavalo Anadya Nsanja

Kavalo ankagwira ntchito yodula mapepala pa kampani ina yaing'ono yosindikiza mabuku. Makina ake anali kumapeto kwa chipinda chachitali, pafupi ndi khomo lotulutsira katundu. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ankaunjika mapepala, kuwalinganiza ndi zikhatho, kuwapanikiza ndi chitsulo chopondera, kenako n'kutsitsa mpeni ndi manja onse awiri. Zala zake khumi zinali zonse, ndipo pa ntchito imeneyi zimenezo zimaposa satifiketi.

Dzina lakuti Kavalo silinachokere ku makinawo. Linachokera ku tchesi. Nthawi ya nkhomaliro, anzake akatuluka kukawothera dzuwa, iye ankayala bolodi pa mulu wa makatoni n'kusewera ndi mlamu wake, dalaivala wa galimoto yoperekera katundu. Dalaivalayo anali mchimwene wa mkazi wa Kavalo, koma pakampanipo aliyense ankangomuitana kuti Mlamu, ngakhale amene sanakwatire kwawo. Bolodilo linali lapulasitiki lopinda, ndipo msilikali mmodzi wakuda anatayika kalekale, moti m'malo mwake munkaima chitsekerero cha botolo la inki. Kavalo ankakonda akavalo ake awiri. Ankawatulutsa msanga n'kumawadumphitsa uku ndi uku mpaka mmodzi akafike poopseza zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mlamu ankagwa mu msampha umenewu pafupifupi tsiku lililonse, n'kumadabwa ngati akuwuona koyamba.

Buku la tchesi Kavalo anali asanaligwirepo. Anaphunzira masewerawa ali m'chipatala atathyoka mwendo, kwa mkulu wina wa bedi loyandikana nalo. Kuchokera pamenepo anagonjetsa Mlamu, mlonda, mmisiri wokonza makina amene ankabwera kamodzi pamwezi, ndi kasitomala aliyense amene anachita dala kukhala pa katoni.

Lachiwiri lina abwana, mayi wamfupi wa magalasi olendewera pachingwe, anabwera ndi mulu wa maposita oti adulidwe m'mbali. Kavalo anawawerenga chozondoka uku akuwalinganiza. Panali chithunzi cha mtsikana atatsamira chibwano pa dzanja, ndipo m'munsi mwake munalembedwa kuti iyeyo ndi gilandimasita, udindo wapamwamba kwambiri pa tchesi, ndipo Loweruka la sabata yamawa adzasewera ndi anthu makumi atatu nthawi imodzi mu holo ya laibulale.

"Okonza masewerawo atipatsa mpando umodzi wothokozera ntchito yathu," anatero abwana. "Ndapereka dzina lanu."

"Langa?"

"Nanga ndikanapereka la Mlamu?"

Ananyamula maposita odulidwawo n'kubwerera ku ofesi. Pofika nkhomaliro nkhani inali m'kamwam'kamwa. Mlonda anati apite akaonetse dziko. Amayi awiri omata mabuku anati adzabwera kudzachemerera, ngakhale sankadziwa kusiyanitsa mfumu ndi bishopu. Mmisiri wa makina, amene tsiku limenelo anali chagada pansi pa makina osindikizira, anayankhula ali komweko.

"Ine ndikanakhala inu sindikanapita, a Kavalo. Mumathamanga bwino mukamathamangira minibasi, koma zimenezo si zoti mukaime nazo pa bwalo la mpikisano. Pano muli ndi ulemu wanu. Mukautaya pa mphindi khumi, anthu akuonerera."

"Mphindi khumi zachepa," anatero Mlamu. "Alamu anga awa akhoza kufika khumi ndi ziwiri."

Kavalo anaseka nawo, koma tsiku limenelo anasewera mosaikirapo mtima. Zoti adzagonja ankazidziwa, ndipo sizinkamuvuta kwenikweni. Chimene chinkamusowetsa mtendere n'chakuti zaka zonsezi luso lake linali lisanayesedwepo kunja kwa chipinda chimenechi. Mwina linali lalikulu ndithu, mwina linali lokwanira pa mulu wa makatoni basi. Posadziwa ankatha kuganiza zimene wafuna, ndipo ankakhala bwino.

Madzulo anapeza mkazi wake, amene anali namwino pa kachipatala ka mano, akusita yunifolomu pa tebulo lodyera. Anamufotokozera zonse ali chiimire, chikwama chikadali paphewa.

"Mukuopa kuluza, bambo?"

"Kuluza ndiluza, zimenezo n'zodziwikiratu."

"Ndiye vuto n'chiyani?"

"Sindine wa zimenezo, mayi. Kumeneko kukakhala anthu a makalabu, owerenga mabuku. Mpandowo ukanapita kwa munthu woti akaphunzirepo kanthu."

"Inu simungaphunzirepo kanthu?"

Mkazi wake anatembenuza kolala n'kuipondereza ndi simbi.

"Pitani kapena musapite, zonse zili bwino kwa ine," anatero. "Koma musazungulire m'nyumba muno sabata yonse ngati nkhuku yosowa poikira. Ndipo chikwamacho chitsitseni, si katundu wa eni."

Lolemba Mlamu anabwera ndi foni imene munali masewera ena a mtsikana uja. Anaonera limodzi atagundanitsa mitu. Zosewerera zinkasuntha zokha pagalasi, pang'onopang'ono, popanda wodya mnzake. Kenako, bolodi likadali lodzaza, mdani wa mtsikanayo anavomera kugonja. Anabwezera kumbuyo katatu konse, koma Kavalo sanaone chimene munthuyo anagonjera.

"Mwina anali ndi m'mimba," anatero Mlamu.

Zimenezi zinamukwanira Kavalo. Lachinayi m'mawa anapita ku ofesi kuti akauze abwana kuti apereke mpandowo kwa wina. Anawapeza pa foni, akukangana ndi wogulitsa mapepala. Anaima pakhomo kudikira. Abwanawo, osasiya kuyankhula, anam'patsa mapepala olimba asanu n'kulozera ku makina ake ndi chibwano. Anali makhadi oika pa matebulo a Loweruka, asanu ndi limodzi pa pepala lililonse, ndipo pa khadi la khumi ndi chiwiri panali dzina lake lenileni, lonse, m'zilembo zakuda zokongola. Pakampanipo dzinalo linali litaiwalika kalekale. Anabwerera ku makina, anadula makhadiwo mosamala, anawamanga ndi labala n'kukawasiya pa desiki. Abwana anali akadali pa foni, ndipo iye anabwerera ku ntchito yake, mpandowo osaubweza.

Loweruka masana Mlamu anamutenga pa galimoto ya kampani. Mu holomo matebulo anawandandalika ngati khola lotseguka mbali imodzi, osewera kunja, pakati popanda kanthu. Mabolodi anali amatabwa, ndipo Kavalo atanyamula kavalo wakuda anamva kulemera kumene sanakuzolowere. Kumanzere kwake kunakhala mphunzitsi wina wopuma ntchito, waimvi, amene anali atanola kale mapensulo awiri. Mpando wa kumanja unali wopanda munthu.

Mkulu wa kalabu ya tchesi, amene ankayendetsa zonse, anafotokoza malamulo. Gilandimasita atenga zoyera pa mabolodi onse ndipo aziyenda mozungulira. Akafika pa bolodi lako usunthe pomwepo iye akuona, iye ayankhe n'kupitirira. Oonerera akhale chete, ndipo asauze munthu chochita. Atamaliza anayang'ana mpando wopanda munthu uja, nafunsa ngati m'gulu la oonerera muli wodziwa kusewera. Mlonda, amene anabwera atavala jekete la kutchalitchi, anakankha Mlamu kumsana. Mlamu anakana kawiri, kachitatu anakhala, makiyi a galimoto n'kuwaika pambali pa bolodi.

Gilandimasita analowera khomo la m'mbali. Anali wamng'ono thupi kuposa pa chithunzi, wa msinkhu wa mwana woyamba wa Kavalo, atavala juzi yotuwa ndi nsapato zafulati. Anagwira chanza wosewera woyamba, anasuntha msilikali, anapita pa wachiwiri. Atafika pa Kavalo dzanja lake linali lozizira ndi louma. Anamuyang'ana kumaso kamodzi kokha, kenako maso ake anakhala pa bolodi mpaka mapeto.

Maulendo oyamba anali achangu. Munthu asanapume bwino, nsapato zija zinali zitafikanso. Kavalo anachita zimene ankadziwa. Anatulutsa kavalo mmodzi, anatulutsa wina, ndipo woyamba uja anamukonzera njira yolowera m'dera la zoyera. Mphunzitsi wa kumanzere ankalemba chilichonse m'kope. Mlamu, kumanja, anali atasonkhanitsa zonse kuzungulira mfumu yake ndipo ankatuluka thukuta pamphuno.

Pa ulendo wachisanu ndi chinayi Kavalo anaika kavalo wake pamalo amene ankawadziwa bwino. Kudumpha kumodzi kokha, akanaopseza mfumu ndi nsanja nthawi imodzi, msampha womwe uja wa pa makatoni. Gilandimasita anatambasula dzanja, kenako analibweza. Anaima. Pa mabolodi ena onse sankaima kupitirira kupuma kumodzi, koma apa anaima mpaka anthu a kumbuyo anayamba kusuzumira. Kenako mtsikanayo, m'malo motseka malo oopsawo, anatulutsa bishopu mbali ina n'kupitirira.

Kavalo anayang'ana bolodi nthawi yonse imene mtsikanayo ankazungulira. Anafufuza chimene chingamulume akadumpha, koma sanachione. Nsapato zitafika, anadumpha.

"Cheki," anatero motsitsa mawu, kuchenjeza kuti mfumu yoyera ili pangozi.

Gilandimasita anasuntha mfumu sitepe imodzi osaima n'komwe. Ulendo wotsatira Kavalo anadya nsanja ya pakona n'kuiika pambali pa khadi la dzina lake. Kumbuyo kunamveka manong'onong'o, ndipo mmodzi wa amayi omata mabuku anawomba m'manja kawiri mkulu wa kalabu asanamuyang'ane.

Zotsatira zake sizinatenge nthawi. Kavalo wake uja anapezeka ali pakona popanda potulukira. Mabishopu ake, nsanja zake ndi mfumukazi zinali zikadali pamzere wakumbuyo pamene anaziika poyamba, ndipo mfumu inali pakati, njira yake yotseguka. Zoyera zinkabwera chimodzichimodzi, chilichonse ndi chiopsezo chake, ndipo iye ankangoyankha. Anatseka apa, panatseguka apo. Pa ulendo wakhumi ndi chisanu ndi chiwiri mtsikanayo anatsitsa mfumukazi pafupi ndi mfumu yakuda, anatambasula dzanja nati, "Zikomo, bambo."

Kavalo anagwira dzanjalo asanamvetse. Mtsikanayo atapita pa Mlamu, iye anali akufunafunabe kothawitsira mfumu.

"Yatha, achimwene," ananong'ona mphunzitsi uja. "Uku kuli bishopu, uku kuli kavalo."

Anali wachiwiri kutuluka. Woyamba anali bambo wina wa suti wochokera ku kampani imene inalipirira holoyo, amene anasewera akuyang'ana wotchi.

Akanatha kupita panja, koma galimoto inali ya Mlamu, choncho anaima kumbuyo kwa mpando wake. Anaima pamenepo maola awiri. Mlamu sankaukira. Ankangotseka mipata, kusinthanitsa chimene angasinthanitse, n'kubwerera m'mbuyo. Kangapo Kavalo anaona podumphira pabwino, zala zake n'kumayabwa m'thumba, ndipo Mlamu ankapalambalala. Pakapita maulendo awiri, Kavalo ankaona yekha kuti akanadumphira pamenepo zikanathera pomwepo. Zimenezi zinachitika katatu, ndipo kachinayi sanayabwenso zala.

Mipando inkatha umodziumodzi. Mphunzitsi anagonja pa ulendo wa makumi atatu ndi chimodzi, anatseka kope lake n'kuyamba kuonerera nawo. Pamapeto panatsala mabolodi anayi, ndipo limodzi linali la Mlamu. Tsopano gilandimasita ankabwerera msanga, moti Mlamu analibe nthawi yopukuta thukuta. Anatsala ndi mfumu ndi asilikali atatu, mtsikanayo mfumu ndi asilikali anayi. Wachinayiyo anayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa bolodi n'kusanduka mfumukazi. Mlamu anagoneka mfumu yake povomera kugonja, ndipo holo yonse inamuwombera m'manja. Anaimirira, anagwada pang'ono ngati wolandira mphatso, n'kugwetsa makiyi.

Gilandimasita anapambana masewera makumi awiri ndi asanu ndi atatu, ndipo awiri anafanana mphamvu ndi anyamata a kalabu. Atamaliza anakhala pa mpando koyamba, anavula nsapato imodzi pansi pa tebulo, ndipo anthu anafola kuti awasainire mapepala awo. Kavalo analibe pepala la masewera, poti sankadziwa kalembedwe kake. Anafola ndi khadi la dzina lake.

"Pepani, mayi," anatero itafika nthawi yake. "Ndimafuna kufunsa chinthu chimodzi. Pa bolodi langa munaima nthawi yaitali."

Mtsikanayo anayang'ana nambala ya pakhadi.

"Khumi ndi chiwiri. Akavalo aja."

Anakoka bolodi limene linali pafupi, ndipo ndi manja awiri anaika chilichonse pamalo pamene chinali pa ulendo wachisanu ndi chinayi, zoyera ndi zakuda zomwe, osaganizira n'komwe. Kavalo mwiniwake sakanatha kutero.

"Apa panali njira ziwiri," anatero. "Ndikanatseka apa, n'kusewera nanu modekha mpaka madzulo. Kapena kukupatsani nsanja n'kumaliza msanga. Ndinaima kuti ndiwerenge ngati yachiwiriyi ikukwana. Miyendo inali itayamba kale kuwawa."

"Ndiye nsanja ija munandipatsa dala."

"Eya. Kavalo wanu anayenda kanayi kuti akaitenge. Pa maulendo anayi amenewo ine ndinatulutsa anthu anayi." Analoza mzere wakumbuyo wa zakuda ndi chala. "Awa onse munawasiya kunyumba. Za kavalo mumaziona bwino, bambo, kuposa ambiri amene anakhala pano lero. Koma mumasewera ndi awiri, ine ndi onse."

"Nanga alamu angawa?" anafunsa Kavalo, poti Mlamu anali ataima pambali pake.

"Awa sanandipatse chilichonse, ndiye ndinachita kudikira. Anandilemetsa miyendo." Anamwetulira pang'ono, anasaina khadilo n'kulibweza. "Anu ndinasangalala nawo."

Kavalo sanadziwe ngati kumeneko kunali kuyamikira, ndipo wa kumbuyo kwake anali atatambasula kale pepala lake. Potuluka, mphunzitsi uja anamugwira pamkono namuuza kuti kalabu imakumana Loweruka lililonse masana m'chipinda chapansi cha laibulale yomweyo, ndipo sipafunika mayeso kuti munthu alowe.

Anakwera galimoto kubwerera kunyumba. Pa maloboti achiwiri Mlamu anatsokomola.

"Musadandaule, alamu. Ine sindinachite chanzeru chilichonse. Ndimangochita zimene ndimachita ndi inu, kubisala. Kungoti uyu amachedwa kundipeza chifukwa anali ndi anthu ena oti awaphe."

"Munasewera bwino."

"Mukawauze achemwali anga zimenezo. Ine akandimva sakhulupirira."

Kunyumba mkazi wake anafunsa mmene zayendera, ndipo Kavalo anati anatuluka wachiwiri, koma Mlamu anatsala m'gulu la anayi omaliza. Mayiyo anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana mchimwene wake, nati, "Achimwene, mwayamba liti?" Kenako anakateleka madzi a tiyi.

Lolemba nkhani inafika kuntchito Kavalo asanafike. Mlonda anali atauza kale aliyense kuti a Kavalo anaimitsa gilandimasita mpaka anagwira m'chiuno, kenako anamudyera nsanja anthu akuona. Za Mlamu zinkatchulidwa pamapeto, mwachidule. Kavalo anafotokozera amayi omata mabuku kuti nsanjayo inali nyambo. Anafotokozeranso abwana. Atayamba kufotokozera mlonda, mlondayo anamudula.

"Koma munadya kapena simunadye?"

"Ndinadya."

"Basitu."

Anazisiya choncho. Mpaka lero makasitomala ena amauzidwa nkhaniyo akamadikira katundu wawo, ndipo nthawi imene gilandimasita anaima imatalika chaka ndi chaka.

Pa makatoni zinthu zinasintha pang'ono. Kavalo anayamba kutulutsa mabishopu ndi kubisa mfumu asanadumphe, ndipo poti sanazolowere, ankasokonezeka. Sabata imeneyo Mlamu anamugonjetsa katatu. Mmisiri wa makina atamva anati ananena kale kuti kupita kumeneko kudzamuwononga munthu. Kavalo anati mwina n'zoona, ndipo anapitiriza kusewera mwa njira yatsopanoyo.

Patapita mwezi anatsikira ku chipinda chapansi cha laibulale. Munali matebulo asanu ndi limodzi, fani yosazungulira ndi kabati ya mabuku ong'ambika zikuto. Mphunzitsi uja anamuphunzitsa kulemba masewera, zilembo m'munsi, manambala m'mbali, ndipo anamubwereka buku limodzi limene Kavalo analimata bwinobwino kuntchito asanalibweze. Mlamu anapita naye kawiri, kenako anati Loweruka ndi lochapa galimoto.

Pa mpikisano wa kalabu wa chaka chimenecho panali osewera khumi ndi asanu ndi anayi. Kavalo anapambana masewera awiri, anafanana mphamvu kamodzi, anagonja anayi, ndipo anathera pa nambala khumi ndi zinayi. Mkulu wa kalabu anamata zotsatirazo pakhomo ndi selotepi. Kavalo anaziwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, anakopera m'kope lake mayina a anthu anayi amene anamugonjetsa, kenako anathandiza mphunzitsi kupinda matebulo, chifukwa woyang'anira laibulale ankafuna kutseka isanakwane faifi.